Nyumba Yomvera Mwini Wace

Nkhani yanga lero icokera m'kalata imene ndinalandira sabata yatha kucokera kwa bambo wina wa ku Kitwe, wogwira nchito pansi pa mgodi. Dzina lace sindichula, koma funso lace ndiyesa liri m'mitima ya anthu ambiri.

Bamboyu akuti anagula nyumba yakale kumayadi, m'mene kale munali kukhala Mzungu wina wa pa mgodi. Atalowamo anapeza kuti nyali za panja ziyaka zokha madzulo ndi kuzima zokha m'mawa, ndi kuti giza, thanki ija yotenthetsera madzi osamba, iri ndi wochi yaceyace. M'masoketi ena anapezamo timabokosi toyera, kali konse ndi timagudumu tiwiri: kena kolembedwa malemba kuyambira A kufikira P, kena manambala kuyambira 1 kufikira 16. Zaka zoyamba zonse zinayenda bwino. Koma tsopano nyali ya pakhonde iyaka pakati pa usiku popanda woiuza, ya m'cipinda ca ana ikana kuzimiratu, ndipo amai ace okalamba ayamba kunena kuti m'nyumbamo muli ciwanda. Mwana wace wamkulu wamuuza kuti azule zonse, agule zatsopano zolamulidwa ndi foni. Tsono kalatayo itha ndi mau awa: "Kodi ndizule zonse? Nanga ndigule ciani? Ndalama zanga ndazipeza ndi thukuta la pansi pa nthaka, sindifuna kuziponya m'madzi."

Bambo, zikomo cifukwa ca kalata yanu. Coyamba, kauzeni agogo kuti agone mtima uli pansi, pakuti m'nyumba mwanu mulibe ciwanda. Muli makina okalamba cabe. Tiyeni tiyambe tadziwa mbiri yace, cifukwa munthu sataya cinthu asanadziwe nchito imene cinali kumgwirira.

MBIRI YA TIMABOKOSI TOYERA

Timabokosi timeneto tichedwa X10. Nzeru yace inabadwa m'caka ca 1975 m'tauni ya Glenrothes ku Scotland, dziko lomwe lija kunacokera David Livingstone. Amisiri a kampani ya Pico Electronics anaganiza motere: popeza m'nyumba muli kale nthambo za magetsi zofika m'cipinda ciri conse, bwanji osatumiza mau pa nthambo zomwezo, m'malo mwa kuboola zipupa ndi kuyala zina? Popeza iyi inali nchito yao yacikhumi, anaicha X10. Pofika 1978 timabokosi tija tinayamba kugulitsidwa m'masitolo akulu a ku America, a Sears ndi a Radio Shack, ndipo pambuyo pace anapanganso tina toyenera magetsi a ku Ulaya, amene afanana ndi athu kuno.

Kagwiridwe kace nkotere. Magetsi a m'nyumba zathu sayenda njira imodzi monga madzi m'mpope. Apita nabwerera, apita nabwerera, maulendo 50 pa sekondi imodzi. Pa kanthawi kaja magetsi ali kutembenuka pamakhala bata pang'ono pa nthambo, ndipo ndi pomwepo X10 iponya kaliu kace kakang'ono. Timau timeneti tikaphatikizana tipanga lamulo lathunthu, monga lakuti, "Nyumba B, nyali 4, yaka." Lamulo limveka m'nthambo zonse, koma kabokosi kokhako kamene magudumu ace aloza pa B ndi pa 4 ndiko kamvera. Malemba 16 ndi manambala 16 apatsa maina 256, ndiwo ocuruka kopambana nyali za m'nyumba iri yonse ya ku Kitwe.

Inali nzeru yabwino, yosafuna ndalama zambiri. Nanga cifukwa ninji lero iri kubvuta? Pali zifukwa zitatu.

Coyamba, X10 iri ngati mthenga wosabwerera. Timabokosi tambiri takale timangomva, sitiyankha. Inu a pa shafuti mudziwa kuti anthu akafuna kukwera keji, woliza belu saliza cabe nangoyesa kuti zamveka. Ayembekeza woyendetsa makina ayankhe. X10 iribe mwambo umenewo. Lamulo likatayika pa njira, palibe wodziwa.

Caciwiri ndi phokoso. M'caka ca 1975 m'nyumba munali mababu a kanthambo kofiira, simbi yositira, ndi wailesi. Lero muli zochajira mafoni, makompyuta, ma TV, ndi mababu a LED. Zambiri za izi zimathira phokoso pa nthambo, zina zimameza kaliu kaja kasanafike. Ziri monga kuitana mnzako pa msika tsiku la malipiro: mwina samva konse, mwina amva zina. Ndipo nyali ya m'cipinda ca ana ikana kuzimiratu cifukwa kabokosi kakale kamalola timagetsi tating'ono kudutsa ngakhale katazimitsa. Babu lakale silinali kusamala timagetsi totere, koma la LED lidya pang'ono zedi, kotero kuti limaphethira kapena kunyezimira ndi timeneto.

Cacitatu, mau oyenda pa nthambo sadziwa mpanda. Akhoza kuturuka m'nyumba ya mnansi wanu nalowa m'mwanu, ngati nyumba ziwirizo zidyera pa nthambo imodzi. Ngati iyenso ali ndi X10 ndipo nonse munasiya gudumu pa A, iye poyatsa nyali yace ayatsanso yanu. Nyali ya pakhonde ija, ngati si phokoso, ndiye kapena ndi mnansi.

ZATSOPANO ZIYENDA BWANJI

Makina atsopano anasiya nthambo, atumiza mau ao m'mlengalenga monga wailesi yomwe muli kumverayi. Ena agwiritsa nchito Wi-Fi, imene mafoni anu aidziwa kale. Ena alankhula cinenero cochedwa Zigbee, cimene malamulo ace anakhazikika mu 2004, ndipo ena ca Z-Wave, cimene cinayambira ku Denmark. Ziwiri izi ziri ndi mwambo wokoma: cipangizo columikizidwa ku magetsi cimalandira uthenga ndi kuupatsira cinzace, monga momwe mbiri iyendera kumudzi, mudzi uwu kuuza mudzi uwo kufikira yafika kutsidya la mtsinje. Motero zipangizo zikacuruka, uthenga ulimbanso. Ndiponso wolandira amayankha kuti, "Ndamva." Pakati pa zonsezi pamakhala kabokosi kamodzi kolamulira, kamene pa Cingelezi kachedwa hub, ife tikache kapitao wa nyumba.

Kwa zaka zambiri bvuto linali lakuti kampani iri yonse inali ndi cinenero cace, ndipo babu la uyu silinali kumvana ndi kapitao wa uyo. Cifukwa cace makampani akulu, monga Apple, Google, Amazon ndi Samsung, anagwirizana kupanga cinenero cimodzi, dzina lace Matter, cimene cinaturuka mu October 2022. Ife a ku migodi sitidabwa nazo, pakuti tidziwa bwino kuti anthu a mitundu yambiri akakomana pa nchito imodzi, asowa cinenero ca onse.

Zonsezi nzokoma. Koma akulu anati, cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Mvetsetsani tsopano, cifukwa apa ndipo pagona nkhani yanga.

NYERERE ZA M'KATI

Zipangizo zambiri zogulitsidwa lero sizimvera inu mwacindunji. Mukadina foni yanu kuti nyali iyake, mau anu aturuka m'nyumba, ayenda pa intaneti kufikira ku makompyuta a kampani ku America, ku Ulaya kapena ku China, ndipo kucokera kumeneko abwerera kudzauza babu limene liri pamwamba pa mutu wanu. Ziri ngati mwamuna wofuna kulankhula ndi mkazi wace ali kukhichini, koma alemba kalata yodzera ku London. Masiku onse positi iri kuyenda, palibe cobvuta. Nanga tsiku limene positi idzatsekedwa?

Zimenezi zinacitikadi. Ku America kunali kapitao wa nyumba wochedwa Revolv, wogulidwa pafupifupi madola 300. Kampani ya Nest, imene inali m'manja mwa Google, inagula Revolv mu 2014, ndipo mu May 2016 inatseka makompyuta ace. Tsiku lomwelo kabokosi kali konse ka Revolv kanasanduka mwala. Ogula anauzidwa kuti abwezeredwa ndalama, inde, koma nchito yonse imene anagwira pokonza nyumba zao inapita pacabe.

Cinanso cinacitika mu April 2022. Kampani ya Insteon, imene anthu ambiri otopa ndi X10 anathawirako, inazimitsa makompyuta ace popanda cenjezo. Anthu anadzuka m'mawa napeza kuti mafoni ao salamuliranso kanthu. Patapita miyezi iwiri, gulu la ogula eni ace linagula kampaniyo ndi kuyatsanso makompyuta aja. Koma taonani cinthu cimodzi: m'masiku onse a mdimawo, maswichi a Insteon a pa cipupa anali kugwirabe nchito, pakuti iwo anali kumvana okhaokha m'nyumba momwemo. Cimene cinafa ndi cokhaco codzera kutali.

Tsono lingalirani timabokosi tanu takale, bambo. Mwini wace woyamba anacoka kale, palibe kampani imene itidyetsa, palibe amene alipira kanthu pa mwezi, koma tikali kuyesayesa kugwira nchito. Tiri ndi zirema zambiri, koma tiri ndi ulemu umodzi: timvera mwini nyumba, osati mlendo wa kutsidya la nyanja. Pogula zatsopano musataye ulemu umenewo.

Kwa ife kuno nkhaniyi ikula koposa. Tonse tikumbukira cirala ca 2024, pamene madzi anacepa m'nyanja ya Kariba ndipo m'matauni ambiri magetsi anali kubwera maora owerengeka okha pa tsiku. Ndipo ndani wa ife amene mabandulo a intaneti sanamthere pakati pa mwezi? Nyumba imene isowa intaneti kuti iyatse nyali ya kucimbudzi siiyenera dziko lathu.

MUCITE MOTERE

Coyamba, tengani pepala ndi pensulo, muyende cipinda ndi cipinda, mulembe kabokosi kali konse, lemba lace, nambala yace, ndi nchito yace. Mukatha, dzifunseni kuti, pa zonsezi nziti zimene ndizifunadi? Ambiri apeza kuti nzitatu kapena zinai zokha: nyali za panja cifukwa ca mbala, giza cifukwa ca ndalama, pampu ya madzi, ndi geti. Nyali ya pabalaza, dzanja la mwana likwanira.

Caciwiri, yesani mankhwala osagula. Tembenuzani timagudumu tonse ta malemba, pamodzi ndi ka pa colamulira, kucoka pa A kupita pa lemba lina. Kenaka zulani zochajira ndi ma TV cimodzicimodzi kufikira mwapeza cimene ciri kusokosa. Mwina mudzapeza kuti theka la makina anu likali ndi moyo wa zaka zina.

Cacitatu, musazule zonse tsiku limodzi. Akale ayenda pa nthambo, atsopano m'mlengalenga, motero akhoza kukhala m'nyumba imodzi osakangana. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Gulani kapitao ndi cipangizo cimodzi kapena ziwiri, muziyese mwezi wathunthu, ndipo zikakukondweretsani muonjeze. Amene ali ndi mwana wodziwa makompyuta afunse za pulogalamu yaulere yochedwa Home Assistant, imene inayamba mu 2013. Imeneyi ikhala m'kakompyuta kakang'ono m'nyumba mwanu momwemo, ndipo mukaiikira zolumikizira zoyenera imva zinenero zambiri, ngakhale ca X10 comwe.

Cacinai, m'sitolo musacite manyazi kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Funso loyamba: "Intaneti ikapita, kodi ici cigwirabe nchito?" Wogulitsa akayamba kuzungulira, muuzeni acotse intaneti ayese pamaso panu. Funso laciwiri: "Kodi pali colipira pa mwezi?" Funso lacitatu: "Kodi cilankhula cinenero ca onse, monga Matter kapena Zigbee, kapena ca kampani yace yokha?" Funso lacinai: "Kodi ncoyenera magetsi athu?" Athu ndi a mavolti 230, pamene a ku America ndi a 120. Cipangizo copangidwira America cokha cidzapsa mukangocilowetsa m'soketi. Ndiponso Z-Wave ya ku America ndi ya ku Ulaya ziri pa mafunde osiyana, sizimvana ai. Mbale wanu wa kunja akafuna kukutumizirani mphatso, muuzeni zimenezi asanagule.

Cacisanu, yambirani pa giza, cifukwa ndiyo idya ndalama zambiri. Giza ya mawati 3,000 ikatenthetsa ora limodzi yadya mayuniti atatu, ndipo mukaisiya tsiku lonse imabwereza kutenthetsa madzi amene palibe wosamba. Wochi yakale ya timano iri ndi cirema cakuti magetsi akapita nayonso iima; akabwera patapita maora 8, wochi yatsalira maora 8, ndipo itenthetsa madzi usana inu muli pansi pa mgodi. Sankhani yosunga nthawi ngakhale magetsi atapita. Koma cenjerani: giza yotere ikoka maampu 13, pamene timaswichi tina tochipa tinapangidwira maampu 10 okha. Mukaika kotere pa giza, mwaitana moto m'denga. Werengani nambala yolembedwa pa cipangizo.

Cacisanu ndi cimodzi, za nthambo itanani wamagetsi wophunzira. Maswichi atsopano ambiri afuna nthambo yochedwa nyutulo, imene m'nyumba zakale ndi yakuda ndipo m'zatsopano ndi yabuluu. Koma m'nyumba zambiri zoyalidwa monga mwa mwambo wa ku Britain, nyutulo imathera kudenga pa nyali, siitsikira ku swichi. Nthambo yakuda imene mudzaiona kuseri kwa swichi kawirikawiri si nyutulo konse, koma yonyamula moto kupita ku nyali. Munthu wongokhulupirira mtundu wa nthambo akhoza kuocha cipangizo, kapena kufa kumene. Pa mgodi simukhudza makina musanazimitse ndi kukhoma loko. Lamulo limenelo musalisiye pa geti la mgodi. Pitani nalo kwanu.

Cacisanu ndi ciwiri, ganizirani za nthawi imene magetsi abwera. Mababu ena atsopano, magetsi akangobwera, amayaka onse ndi mphamvu yao yonse, ngakhale pa 2 koloko usiku, nadzutsa nyumba yonse. Funsani ngati babu likhoza kuuzidwa kukhala cizimire. Kapitao ndi rauta ya Wi-Fi zidya magetsi ocepa, motero kabatire kakang'ono kakhoza kuzisunga zamoyo kwa maora angapo. Ndipo mau acinsinsi amene cipangizo cibwera nao kucokera ku fakitale, asintheni tsiku loyamba. Mu 2016 akuba a pa intaneti analanda makamera ndi zipangizo zina zikwi zambiri pa dziko lonse, pongoyesa mau a ku fakitale amene eni ace sanasinthe. Munthu sagula loko watsopano nasiya kiyi pakhomo.

SWICHI YA AGOGO

Ndasunga cacikulu kuti cikhale cotsiriza. Ciri conse cimene mugula, swichi ya pa cipupa ikhalebe yogwira nchito monga kale. M'nyumba simukhala inu nokha ndi foni yanu. Muli agogo amene sanagwirepo foni yotere. Muli mlendo wocokera ku Cipata kapena ku Petauke amene wafika ndi basi ya usiku. Muli ana. Tsiku lina inu mudzakhala pa shifiti ya usiku, foni iri m'thumba mwanu, ndipo mwana adzadwala. Kodi amace adzafunafuna mankhwala mumdima cifukwa nyali imvera munthu amene ali pansi pa nthaka? Cakudza siciimba ng'oma.

Cifukwa cace, pamene kuli kotheka, sinthani swichi, osati babu. Babu lolamulidwa ndi foni limafa munthu akazimitsa swichi ya pa cipupa, ndipo posacedwa mudzayamba kumata maswichi ndi tepi ndi kukalipira banja lonse kuti asakhudze. Koma swichi yatsopano imvera onse awiri, cala ca agogo ndi foni ya mdzukulu.

Tsono yankho langa kwa inu, bambo wa ku Kitwe, ndi ili. Mwana wanu wanena zoona kuti makina akale akalamba ndipo atsopano awapambana. Koma sananene zoona kuti muzule zonse lero. Sungani zimene zikali kugwira nchito, sinthani cimodzicimodzi kuyambira pa giza ndi nyali za panja, ndipo musanapereke ngwee iri yonse yesani cipangizo ndi muyeso uwu: intaneti itapita, kampani itagwa, foni itatayika, kodi nyali iyakabe munthu akadina pa cipupa? Ikayaka, gulani. Ikapanda kuyaka, bwezerani ndalama zanu m'thumba, pakuti mukagula cotere simunagule wanchito, koma mwangombwereka kwa mwini wace, amene akhoza kumuitana tsiku liri lonse.

Mukatha kusintha timagudumu tija, mutilemberenso kutiuza ngati ciwanda ca pakhonde cathawa. Inunso ena amene muli ndi mafunso otere, tumizani makalata anu, tidzawayankha monga mwa nthawi. Mupereke moni wanga kwa agogo.